Thirakitala M'shedi ya Matabwa

"Ndiye makina angawa ndiwasenze pamutu?"

Telala anafunsa ataima pakhomo la shedi, manja atagwira mafelemu onse awiri ngati pali wina akufuna kumulanda chitseko. Kumbuyo kwake kunali makina ake osokera, tebulo lodulirapo nsalu ndi mayunifomu a ana asukulu ali lendelende pawaya. Kutsogolo kwake kunaima mlongo wake wamng'ono, akuzunguza makiyi pachala. Pakati pa bwalo panali chimene chinadzetsa phokosoli: thirakitala yaing'ono yofiira, matayala akumbuyo olekeza m'chiuno mwa munthu, pulawo ili yomangirira kumbuyo. Inali itangofika dzulo lake.

Mlongo wakeyo sanakweze mawu. Anati khonde la nyumba ya bambo ndi lalikulu, ndipo makina osokera anthu awiri atha kunyamula, koma thirakitala sungailowetse kuchipinda. Mvula yayandikira, dzuwa ling'amba mpando, komanso chinthu ngati chimenechi chikamagona pabwalo anthu amayamba kuchizonda ndi masipanala m'thumba.

"Zaka zinayi ndikusokera muno," anatero Telala.

"Achemwali, shediyi si yanu. Munangoipeza ili yopanda ntchito."

"Ndi yako?"

"Ndi ya pakhomo pano."

"Nanga ine ndine wa pakhomo pati?"

Mlongo wake anayang'ana makiyi. Amene anayankha anali mkazi wake, yemwe ankayanika zovala chapafupi, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili patsogolo, mapegi awiri ali kukamwa. Anawalavulira m'dzanja.

"Alamu, mafunso enawa musamafunse. Anthu angakuyankheni."

Bambo awo anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pakati pa miyendo. Anali kalipentala pa nthawi yawo, ndipo shediyo anaimanga okha asanachite ng'ala m'maso. Anamvetsera mpaka onse atatopa, kenako anagamula mwachidule. Thirakitala ilowa m'shedi, makina apita pakhonde. Anawonjeza mofatsa, ngati akumutonthoza, kuti iye Telala ndi munthu wapaulendo. Anachoka kamodzi n'kubwerera, mawa atha kupezeka mwamuna wina n'kuchokanso. Mnyamatayu ndiye adzatsale pano.

Apa mpamene Telala ananena mawu aja. Anatuluka ali otentha, kumapeto kwa mkangano, nthawi imene makutu a anthu amakhala atatseka kale.

"Lowetsani. Koma pansi apa sipanyamula chimenecho. Pathyoka."

"Mwamva?" anatero mlamu wake. "Ayamba kutemberera."

Mlongo wake anawerama n'kudutsa kunsi kwa mkono wake, anakadumpha kawiri pamatabwa ndi nsapato zake zolemera. Matabwa anayankha bwinobwino. Nkhope ya bambo inagwa. Anati pansi pamenepo anapakhoma ndi manja awo, panagona matumba a chimanga mpaka kudenga zaka ndi zaka, ndipo palibe thabwa linadandaulapo. Sanayembekezere kuti mwana wawo yemwe anganyoze ntchito yawo chifukwa cha nsanje.

Nsanje. Mawuwo atangotchulidwa, Telala anatseka pakamwa. Anali ndi zonena zina, koma anazimeza. Anachotsa manja pamafelemu n'kuyamba kutsitsa mayunifomu pawaya.

Zimene anamezazo zinali izi. Pansi pa shediyo panali pokwezeka, polekeza m'maondo, kuti chinyezi chisafike pachimanga. Matabwa anakhomedwa pa mitanda isanu ndi umodzi, mitengo ikuluikulu yogona pa zipilala za njerwa. Telala ankaidziwa mitandayo umodziumodzi, chifukwa ali kamtsikana ndiye ankakwawa kunsiko kupatsira bambo ake misomali. Ankadziwanso kuti pamwamba pa mtanda wachitatu kuchokera kukhomo lata linabooka, ndipo mvula ikamagwa iye ankatcherapo ndowa. Chiswe chinali chitaupeza kale mtandawo. Mwezi uliwonse ankavala diresi lakale, kukwawira kunsi, kugumula tinjira tachiswe tadothi n'kupakapo oyilo wakuda amene ankapempha kuchigayo. Ulendo womaliza anaubaya ndi nsonga ya sizasi, ndipo sizasiyo inalowa ngati m'dzungu lophika. Matumba amagona phee, kulemera kwawo matabwa onse amagawana. Thirakitala imaima pa timalo tinayi tokha, kalikonse ngati chikhatho.

Madzulo a tsiku lomwelo mlongo wake anayala matabwa awiri okwerera pakhomo n'kuilowetsa pang'onopang'ono. Pansi panabuula, kenako panakhala chete. Telala ankaonera ali pakhonde. Pulawo itabisika m'kati, anawerenga mitanda chamumtima kuchokera pakhomo. Tayala lakumbuyo lakumanzere linali litaima ndendende pamene pankakhala ndowa.

"Pathyoka?" anafunsa mlamu wake akudutsa ndi beseni.

Telala ananyowetsa ulusi ndi malovu n'kuulowetsa pasingano.

Pakhonde panali pozunza. Mphepo inkauluza mapepala odulira, fumbi linkalowa m'makina, ndipo dzuwa la masana linkamupeza ngakhale asunthire kuti. Madzulo ankazula mutu wa makina n'kukagona nawo kuchipinda, tebulo lake n'kutsala panja. Makasitomala ankabwerabe, koma maso ali kushedi. Mayi wobwera kudzayesa bulauzi ankaima mikono ili m'mwamba, tepi ili pachifuwa, n'kumafunsa ngati achimwene angakamulimire munda Lachinayi. Anthu anayamba kumutcha mlongo wakeyo kuti Adalaivala. Bambo, amene zaka zinayi zonse sanalowepo m'shedi kudzagwira ngakhale kolala ya chimene mwana wawo amasoka, tsopano ankapitako m'mawa uliwonse, ndodo patsogolo, kukasisita boneti ndi kansanza n'kupempha kuti injini ilire pang'ono aimve.

Telala ankayang'ana khola. Zaka ziwiri zapitazo anapempha kuti agulitseko kang'ombe kamodzi, agule kamota ka makina, miyendo yake ipumeko kupalasa. Bambo anati ng'ombe sizikhudzidwa. Tsopano m'kholamo munkamera udzu, ng'ombe zonse zitasanduka chinthu chofiira chija.

Sankafuna kuti mlongo wake avulale. Ankadziuza choncho kawirikawiri. Ankangofuna tsiku limodzi, tsiku limene onse adzaime mozungulira dzenje kenako n'kutembenuka kuyang'ana iye. Tsikulo ankaliona akupalasa makina, ankalikonza ngati diresi, kuchepetsa apa, kuwonjezera apo. Mwina adzangokhala chete. Mwina adzati, "Nsanje ija ndi imeneyi."

Chinthu chimodzi chokha chinkamufewetsa. M'mawa uliwonse akatsegula kadirowa ka makina, momwe ankasungamo mabatani, ankapezamo dzira lowiritsa likadali lofunda, ndi kamchere kokulunga papepala. Zinayamba tsiku lachitatu atasamukira pakhonde. Iye anati ndi bambo. Chimwalirireni amayi, mkuluyo ankalawirira kudziwiritsira yekha madzi a tiyi, ndipo Telala anati munthu wosadziwa kupepesa ndi pakamwa wapeza njira yopepesera. Ankalisenda pang'onopang'ono n'kulidya atatembenukira kukhoma, ndipo mtima unkakhala pansi mpaka injini italira.

Mvula yoyamba inagwa sabata yachiwiri, masana. Telala anathawitsa nsalu n'kuima pakhomo la nyumba kumvetsera malata. Miyendo yake inkadziwa chochita, inafuna kuthamangira kushedi. Ndowa ija inali pambali pake pomwepo, atanyikamo makolala. Anainyamula, anayang'ana shedi ili mbuu m'mvula, n'kuikhazikanso pansi. Tsiku limenelo pemphero lake la madzulo linali lalifupi. Anagwada n'kuti, "Ambuye, Inu mukudziwa," kenako anapeza kuti sakufuna kutchula chimene Ambuye akudziwacho. Anadzuka.

Patapita masiku atatu analowa m'shedi kukamasula waya wake wa mayunifomu. Munkanunkha dizilo. Kunsi kwa injini oyilo anali atadontha n'kudetsa thabwa limene iye ankalikolopa Loweruka lililonse. Akunyanyamphira kuti afikire waya, bobini ya ulusi inagwa kuchokera m'thumba la epuloni. Inagubuduka, osati kulowera kukhomo monga zinthu zinkachitira kale, koma chakumanzere, n'kukaima yokha patsinde pa tayala. Telala anagwada kuti aitole. Matabwa anali atapindikira pansi ngati mbale, mitu ya misomali itatukuka, ndipo mumng'alu munali dothi lofiira lonyowa, njira yatsopano ya chiswe.

Potuluka anakumana ndi mlongo wake atanyamula chigubu cha dizilo.

"Mwabwera kudzayendera temberero lanu, achemwali?" anafunsa akuseka. Sikunali kuseka kwachipongwe. Kuyambira ali mwana ankaseka choncho akafuna kuti ayanjane.

Telala anatsala pang'ono kumuuza. Akanangomugwira dzanja n'kumuonetsa. Koma anaona makiyi akulendewera palamba, anaonanso malaya atsopano ogula kusitolo, oyamba amene mlongo wakeyo anavala osasokedwa ndi iye.

"Ndinaiwala waya," anatero.

Lamulungu masana, onse ali pamphasa atatha kudya, Telala anatsimikiza zoti anene. Mawu ake anali atawakonza ali kutchalitchi, ofatsa, opanda minga. Koma mlamu wake ndiye anayamba kulankhula. Anafuna kudziwa za diresi lake. Nsalu anaipereka mwezi wathawu, zovala zake zonse zakana kutseka, ndipo kutchalitchiko anapita zipi atamugwiriza ndi mapini atatu.

"Mudzasoka mwana atayamba kukwawa?"

"Pakhonde mphepo imauluza nsalu, alamu. Mukanandisiya m'shedi bwenzi mutavala kale."

"Nanga mayunifomu a eni akewo sakuuluka bwanji?"

Nsaluyo inali pansi penipeni pa mulu, ndipo nthawi iliyonse ikafika pamwamba iye ankaibwezera pansi.

"Kapena si mphepo," anapitiriza mlamuyo, dzanja lili pamimba. "Kapena chikukuwawani m'maso ndi ichi."

Mwamuna wake anamuletsa ndi liwu limodzi, koma mawu anali atatuluka kale. Aliyense pamphasapo ankadziwa chimene chinamubweza Telala kuukwati: zaka zisanu ndi zitatu popanda mwana, mpaka mwamuna anamulongedzera yekha katundu pangolo, makina pamwamba. Mlamuyo anayang'ana pansi n'kuyamba kusonkhanitsa mbale mwaphokoso. Telala anapinda mawu ake ofatsa aja n'kuwaika pansi pa mulu pamodzi ndi nsalu.

Madzulo ake, akuperekeza bambo ake kubafa ndi madzi ofunda, anati awathokoze, kuti pakhomopo pakhale munthu mmodzi amene walankhula naye bwino tsiku limenelo. Anati zikomo chifukwa cha mazira.

"Mazira ati?" anafunsa bambo.

Anawafotokozera. Mkuluyo anapukusa mutu. Anati iwo nkhukuzo sakuziona n'komwe, angadziwe bwanji kumene zikuikira.

Mvula inagwa masiku awiri otsatizana, ndipo thirakitala sinatuluke. Tsiku lachitatu kunacha bwino. Telala analawirira kuposa masiku onse kuti aone mwini mazira. M'kadirowa munalibe dzira, anali atafulumira. Anasuzumira kukhitchini, moto unali ukuyaka, kapoto ka madzi katatereka, koma munalibe munthu. Kenako anamva thadzi likudandaula kuseri kwa shedi.

Kumeneko anakapeza miyendo. Miyendo iwiri yotupa mapazi, itatulukira kunsi kwa shedi mbali yakumanzere, phazi limodzi patapata atavuka. Mlamu wake anali atagona chammbali chifukwa cha mimba, thupi lonse kuyambira m'chiuno lili kunsi kwa matabwa, akukankha thadzi ndi kamtengo n'kumalikalipira motsitsa mawu kuti lisunthe, mazirawo si ake okha. Telala anawerenga zipilala kuchokera kukhomo. Chinali chachitatu.

M'kati mwa shedi munamveka makiyi, mpando unalira, ndipo injini inatsokomola kamodzi, kawiri, n'kugwira.

Telala anagwada m'matope, anagwira akakolo onse awiri n'kukoka. Mlamuyo anakuwa, anaponya mateche, anatukwana. Telala anakokabe ngati akuzula chitsa, mpaka mapewa anatuluka, mutu unatuluka tsitsi lili kangaude yekhayekha, anakokabe mpaka paudzu.

"Mwapenga kodi? Mukufuna mundiphere mwana?"

"Zimitsa!" Telala anakuwira khoma la shedi. "Iwe, zimitsa!"

Injini inameza mawu ake. Anamva giya ikulowa. Tayala linazungulira mwina theka lokha. Phokoso lake silinali lalikulu monga ankaliganizira masabata onse aja. Kunangomveka ngati munthu wathyola nzimbe pabondo, kenako chinthu cholemera chinakhala pansi, nthaka n'kunjenjemera m'maondo mwake. Thadzi linatuluka likuuluka. Injini inalira kanthawi n'kuzima.

Kunsi kwa shedi, pamene panali mutu wa mlamu wake, panali tayala.

Akazi awiriwo anakhala m'matope akuliyang'ana. Kenako mlamuyo anatsegula manja ake, amene nthawi yonseyi anali atawapanikiza pachifuwa. M'dzanja lililonse munali dzira. Limodzi linali litaphwanyika, likuchucha m'zala. Linalo linali lathunthu.

"Awiri," anatero Telala.

"Limodzi langa, akuchipatala anati ndizidya." Mlamuyo anapukuta dzanja lochuchalo paudzu. "Chichokereni m'shedi inu simudya m'mawa. Mumayesa sindiona?"

Mlongo wake anatuluka akudzipanikiza pakati pa thirakitala ndi khoma, atagwira phewa, pachipumi pakutuluka magazi pang'ono. Ataona mkazi wake ali matope okhaokha, ndi mzere umene thupi lake linasiya kuchokera kunsi kwa shedi, anakhala pansi pomwepo. Bambo anabwera ndodo ili patsogolo, akufunsa kuti chachitika n'chiyani. Telala anadzuka, anawagwira dzanja, anawagwaditsa pambali pa chipilala n'kuika zala zawo pa mtanda wothyokawo. Mkuluyo anafinya. Mtengo unanyenyeka m'manja mwawo ngati buledi wouma, tizilombo toyera tikuyenda pazala.

Kenako anamufunsa Telala ngati ankadziwa.

"Ndinkadziwa, bambo."

"Osanena bwanji?"

"Ndinanena."

"Munanena ngati mukutukwana, achemwali," anatero mlongo wake, mutu uli pansi.

"Eya. Ndinanena kamodzi, moipa. Kenako ndinakhala chete masabata atatu, ndikudikira kuti pathyoke." Anaona mlamu wake akukweza maso, koma anapitiriza. "Mvula itagwa ndowa ndinali nayo m'manja, sindinabwere kudzatchera. Matabwa atapindika ndinaona, sindinakuonetse. Ndinkalifuna tsiku la leroli. Limenelo ndi tchimo langa, ndipo kwa Mulungu ndikalinena monga ndalinenera pano."

Anawauza za lata lobooka, za oyilo wa kuchigayo, za sizasi. Bambo ankamvetsera, fumbi la mtanda likadali m'manja. Anati iwo ankayesa pansipo palimba zaka zonsezi chifukwa anapakhoma bwino.

"Munapakhoma bwino, bambo. Koma pankafunika wopayang'anira, ndipo wopayang'anirayo munamutulutsa osamufunsa kanthu. Ndikanakhala mwana wamwamuna mukanati, 'Pathyoka pati? Tationetsa.' Ine munati nsanje." Anapukuta manja pa epuloni. "Nsanjeyo inalipo, sindikana. Chiswenso chinalipo."

Bambo anagwedeza milomo ngati akufuna kunena kanthu, kenako anapempha ndodo yawo.

Aneba anatengera mlamuyo ndi mwamuna wake kuchipatala pagalimoto yawo. Anabwerako masana, mwana ali bwino m'mimba, phewa la mwamuna lili lomanga. Thirakitala inatuluka tsiku lotsatira, ndi amuna asanu ndi atatu, jeke wobwereka ndi mitengo yotukulira. Telala ali pakhonde anamva mlongo wake akuwafotokozera amunawo kuti matabwa akale ndi choncho, iye ankawakayikira kale. Anamvanso zimene anagwirizana: matabwa onse azulidwe, pathiridwe konkire, thirakitala ibwerere m'malo mwake. Za makina osokera palibe anatchula.

Koma dzuwa litapendeka mlongo wakeyo anabwera ndi lona limene anagula kuti azifunditsa thirakitala pabwalo. Analidula pakati ndi mpeni, ndipo ndi dzanja limodzi, misomali ili kukamwa, anayamba kukhoma theka lake mbali ya khonde kumene kumachokera mphepo. Telala anadzuka n'kumugwirira nsonga yake. Ali pampando wawo, bambo anafunsa ngati lata lobooka lija ndi lachitatu kapena lachinayi kuchokera kukhomo. Mlongo wake anati ayankhe, koma misomali inamutsekereza, ndipo funsolo silinali lake. Telala anati lachinayi, limene lili pamwamba pa mtanda wachitatu. Mkuluyo anati chabwino, n'kubwereza chamumtima milomo ikuyenda, lachinayi.

M'mawa mwake m'kadirowa munali mabatani okha. Telala anali akukatseka pamene mlamu wake anafika n'kukhala pabenchi la makasitomala, akupumira m'mwamba, pachigongono atamata pulasitala.

"Thadzi lanyanyala. Lero dzira palibe."

"Ndaona."

Mlamuyo ankayang'ana kushedi, kumene matabwa ozulidwa anali ataunjikidwa, misomali ili m'mwamba.

"Mukanadziwa kuti ndimalowa kunsi kuja, mukananena?"

Telala anafuna kuyankha msanga kuti inde. Koma anakumbukira bambo ake ataima m'mawa uliwonse pambali pa boneti ndi kansanza kawo, ndi mlongo wake ali pampando, pamwamba pa tayala lomwelo. Iwowo ankawaona akulowa, tsiku ndi tsiku.

"Sindikudziwa, alamu," anatero. "Ndikupempha Mulungu andisandutse munthu amene akananena."

Mlamuyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati nayenso mawu a Lamulungu aja, akanakhala obwezeka m'kamwa, akanawabweza. Pakamwa pake pamathamanga kusiya mtima m'mbuyo, amayi ake anamumenyerapo mpaka kutopa.

Telala anasuntha mayunifomu n'kusolola nsalu ya pansi pa mulu. Inali itachita mizere chifukwa chokhalitsa. Anaikung'untha, anachotsa tepi m'khosi, n'kumuuza mlamu wake kuti aimirire, akweze mikono. Anayeza mapewa, anayeza chifuwa, akulemba ndi choko patebulo. Kenako anagwada kuti azungulize tepi pamimba, ndipo manja ake atakumana kutsogolo kanthu kanamugunda pachikhatho, kamodzi, mwamphamvu.

Chilonda cha zaka zisanu ndi zitatu zija chinamulumanso mumtima, pamalo pake pomwepo, sichinali chitasamuka. Anatseka maso kamphindi. Dzanja sanachotse.

"Akupereka moni kwa azakhali ake," anatero mlamuyo.

Telala anawerenga tepi, n'kuwonjezerapo zala zinayi za miyezi iwiri yotsalayo.